Zomwe zinandichitikira mwana wanga atabadwa ndi mapazi opindika

Mwana wanga wachiwiri, yemwe ndi wamwamuna, anabadwa mapazi ake onse awiri atapindikira m'kati, zala zitaloza pansi, zidendene zitakwera m'mwamba, moti kunsi kwa phazi lina kunkayang'anizana ndi kunsi kwa linzake. Panopa ali kusukulu ya pulayimale, amavala nsapato zogula pamsika monga anzake onse, ndipo munthu wosadziwa mbiri yake sangazindikire kanthu pomuona akuthamanga. Ndikulemba izi chifukwa cha makolo amene angouzidwa kumene kuti khanda lawo lili ndi vuto lomweli, ndipo ndikufuna kunena poyambirira penipeni chimene chili chachikulu pa nkhani yonseyi: kuwongola mapaziwa kumatenga masabata owerengeka, koma kuwasunga kuti asabwerere kumatenga zaka, ndipo ntchito ya zakazo siigwiridwa ndi adokotala koma ndi ife makolo kunyumba, usiku uliwonse.

Mimba yake inalibe vuto lililonse. Ndinkapita kusikelo monga mwa nthawi zonse, ndinkamwa mapiritsi owonjezera magazi ndi oteteza malungo, ndinkagona m'masikito, ndipo ndinachirira pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu popanda chovuta. Azamba amene anandithandiza anachita chinthu chimene ndimawayamikira nacho mpaka lero, chifukwa sanabise mapaziwo m'nsalu ndiponso sanandiopseze. Anandipatsa mwana kuti ayamwe kaye, kenako anavundukula miyendo yake n'kunena kuti, “Mayi, mwana wanuyu akupuma bwino ndipo akuyamwa bwino, koma taonani mapazi akewa. Vutoli timaliona ndithu ndipo limachizika, bola musachedwe naye.” Analemba zimene anaona m'kabuku ka mwana, ndipo anatiuza tsiku la sabata limene kuchipatala chachikulu cha boma lathu amaona ana a mapazi opindika.

Titafika kumudzi, chisangalalo cha mwana wamwamuna chinasanduka kufunafuna wolakwa. Apongozi anga aakazi ankakhulupirira kuti jakisoni wolera amene ndinkabayitsa nditabereka mwana woyamba ndi amene anapinda mapaziwo. Azakhali a amuna anga anandifunsa chapansipansi ngati sindinasekepo munthu wolumala pamene ndinali woyembekezera, ena ankati ndinkamanga chitenje mothina kwambiri, pamene kwa abale anga mlandu unagwera bambo a mwana, kuti mwina anayenda njira zosayenera ine ndili ndi pakati. Za ufiti zinkamvekanso, ngakhale kuti palibe amene ankatchula munthu poyera. Mawu onsewa ankandipeza ndili m'chikuta, thupi lisanabwerere, mwana ali pabere, ndipo anandipweteka kuposa mapaziwo, chifukwa mapazi anali ndi kopita nawo koma mawu analibe.

Mkangano weniweni unabuka pa tsiku lopita kuchipatala. Akuluakulu ankati mwana amene mchombo wake sunagwe sangakwere galimoto n'kukakhala pakati pa anthu, ndipo mayi wina wachikulire wa m'mudzimo anadzipereka kuti azithowa mapaziwo ndi madzi ofunda n'kumawamanga ndi timitengo ta nsungwi mpaka awongoke. Amuna anga ndiwo anathetsa nkhaniyi, ndipo anaithetsa mwaulemu. Anauza mayi awo kuti, “Amayi, mwambo sitikuukana, tidikira mchombo ugwe ndipo zonse muchita monga mwa kale. Koma ukangogwa, tsiku la kiliniki loyamba tinyamuka naye, ndipo mapaziwa asagwiridwe ndi wina aliyense achipatala asanawaone.” Zinachitikadi choncho, moti mwana anaonedwa asanakwanitse masabata awiri, imene ndi nthawi yabwino kwambiri yoyambira chithandizo chifukwa thupi la khanda limakhala lidakali lofewa.

Amene anatilandira sanali dokotala wamkulu wa maopaleshoni koma kiliniko ofesa wa za mafupa, mmodzi wa anthu amene dziko lathu linayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1985, omwe ndiwo amasenza ntchito yambiri ya mafupa m'zipatala za m'maboma. Ife tinkangowatchula kuti adokotala. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti sanayambire kumapazi. Anamuvula mwana zonse, anamutembenuza n'kuyang'anitsitsa msana kuyambira m'khosi mpaka kumapeto, anagwira paliwombo, anayesa mawondo, zigongono ndi m'chiuno, kenako ndi pamene anatenga phazi. Anatifotokozera kuti mapazi opindika nthawi zina amabwera limodzi ndi vuto lina lobadwa nalo, monga msana wosatsekeka bwino kapena kuuma kwa malo olumikizirana mafupa, ndipo mwana wotero amafunika chisamaliro choposa cha mapazi okha. Palinso ana ena amene phazi limangooneka lopindika chifukwa cha mmene anagonera m'mimba, koma ukaligwira limafewa n'kubwerera pamalo pake, ndipo amenewa kawirikawiri safuna chikhakha. Mapazi a mwana wathu anali olimba, osalola kubwezedwa, koma thupi lonse linali bwinobwino, ndipo mtundu umenewu ndiwo wofala kwambiri.

Amuna anga, amene anali atatopa ndi zonenanena za kumudzi, anafunsa mosapita m'mbali kuti, “Adokotala, tiuzeni zoona, walakwa ndani pamenepa?” Yankho linali lakuti palibe. Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 1,000 alionse amabadwa chonchi padziko lonse lapansi, kwa olemera ndi kwa osauka komwe; anyamata amapezeka nalo pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi atsikana, ndipo pafupifupi theka la anawa amakhala nalo kumapazi onse awiri. Mitsempha ya kumbuyo ndi ya m'kati mwa phazi imakhala yaifupi ndi yokungika, motero imakokera timafupa ta phazi pamalo olakwika mwana akadali m'mimba. Kwa ana ambiri palibe chinthu chimodzi chimene chingalozedwe kuti ndicho chayambitsa. Chodziwika n'chakuti vutoli limayenda m'magazi m'mabanja ena, ndiponso kuti kusuta fodya mayi ali woyembekezera kumawonjezera chiopsezo. Jakisoni wolera, chitenje, kuseka munthu kapena khalidwe la bambo sizipinda phazi la mwana. Anatitsimikiziranso kuti khandalo silimva ululu ndi mapaziwo panthawiyo. Ululu umadza mwana akasiyidwa osathandizidwa n'kuyamba kuyendera m'mbali kapena pamwamba pa phazi, pamene khungu limakhuthala n'kumachita zilonda, ndipo nsapato zimakana kulowa.

Ine ndinkayembekezera kuti atiuza za opaleshoni, ndipo mumtima ndinkafuna zimenezo kuti nkhani ithere kamodzi. Anatiuza kuti masiku ano ana otere amathandizidwa ndi njira ya Ponseti. Ignacio Ponseti anali dokotala wobadwira ku Spain m'chaka cha 1914 amene anagwira ntchito kwa zaka zambiri ku yunivesite ya Iowa ku America, ndipo anaona kuti ana ochitidwa maopaleshoni akuluakulu a phazi ankakula ndi mapazi owuma ndi opweteka ngakhale ankaoneka owongoka. Anaonanso kuti mitsempha ya khanda imatanuka ikamakokedwa pang'onopang'ono, choncho njira yake ndi yokankha phazi mofatsa, kuliika m'chikhakha kwa sabata imodzi kuti mitsempha izolowere pamene yafikapo, kenako kuchotsa chikhakhacho n'kulikankhanso pang'ono. Ana ambiri amafuna zikhakha 5 mpaka 8, ndipo njirayi ikatsatidwa bwino, ana oposa 90 mwa 100 alionse amawongoka popanda opaleshoni yaikulu. Apa ndi pamene ndinamvetsa kuopsa kwa timitengo ta nsungwi tija, chifukwa kukankhako kuli ndi dongosolo lake, pali kafupa kamodzi kamene chala cha dokotala chiyenera kutsamira, ndipo wokankha mwamphamvu pamalo olakwika angathe kupindira phazi pakati n'kulisiya loipa kuposa kale.

Poika chikhakha pamafunika anthu awiri, wina wogwira phazi pamalo oyenera ndi wina wokulunga thonje ndi pulasitala, ndipo mayi amaloledwa kuyamwitsa nthawi yomweyo kuti mwana afatse. Ndikulangiza mayi aliyense kuti asamukhutitse mwana ali pamzere, amusungire bere la panthawi imeneyi. Chikhakha chimayambira kuzala mpaka m'ntchafu, bondo litapindidwa, kuti chisavuke komanso kuti phazi lisatembenukire m'kati mwake. Choyambacho chinandiopsa chifukwa phazi linaoneka lopindika kuposa mmene linalili, koma anatiuza kuti ndi mmene ziyenera kukhalira, popeza amayamba ndi kukonza kukumbika kwa kunsi kwa phazi asanayambe kulitembenuzira kunja. Sabata iliyonse pambuyo pake phazi linkatuluka litasunthirako, ndipo adokotala ankalemba papepala nambala ya pakati pa 0 ndi 6 yosonyeza kukula kwa vuto, imene inkatsika ife tikuona.

Kusamala mwana wa m'chikhakha kuli ndi malamulo ochepa koma osayenera kuphonya. Zala ziyenera kumaoneka nthawi zonse, zikhale zofunda, ndipo ukazidina pang'ono magazi abwerere msanga. Zikazizira, zikatupa, zikada kapena kuyera mbuu, kapenanso mwana akamalira mosatonthozeka pamene wayamwa ndipo thewera ndi louma, osadikira tsiku la kiliniki, chifukwa chikhakhacho chingakhale chathina ndipo chiyenera kuonedwa tsiku lomwelo. Zala zikayamba kubisala m'kati ndiye kuti chikhakha chatsetsereka, ndipo nachonso chiyenera kuchotsedwa mwamsanga popeza phazi limapanikizika molakwika. Mwana sasambitsidwa m'beseni, amangopukutidwa ndi kansalu konyowa, ndipo chovuta kwambiri ndi mkodzo, umene umafewetsa m'mphepete mwa chikhakha n'kuyambitsa fungo ndi zilonda m'ntchafu. Tinkasintha matewera pafupipafupi n'kumaonetsetsa kuti m'mphepetemo muli kunja kwa thewera. Chikhakha chakale tinkachinyika m'madzi n'kuchimasula kuchipatala komweko m'mawa wa tsiku loika chatsopano, osati dzulo lake kunyumba, chifukwa phazi likagona usiku wonse lopanda chogwira limabwerera n'kuwononga ntchito ya sabata yathunthu. Mphindi zochepa zimenezo ndizo tinkamusambitsa bwinobwino, choncho paulendo uliwonse tinkanyamula kabeseni, sopo ndi thaulo.

Za ndalama ndinene mwachidule. Chithandizocho sitinalipire, koma kabaza ndi minibasi za sabata ndi sabata zinadya mpamba wa geni yanga ya tomato, ndipo panali sabata ina imene tinapeza pulasitala watha, moti makolo tinasonkherana n'kukagula kufamase kuti ana asagone opanda chikhakha. Amene akuyamba ulendowu aikiretu padera ndalama ya mayendedwe a miyezi iwiri, ndipo apemphe nambala ya foni ya kukiliniki kuti azifunsa asananyamuke. M'minibasi anthu ankandiyang'ana ndi diso loweruza, ndipo mayi wina anandifunsa mokweza kuti, “Mayi, khanda laling'ono chonchi mwalithyola bwanji miyendo yonse iwiri?” Poyamba ndinkamufunditsa mwana kuti asaoneke, koma kenako ndinayamba kuyankha, ndipo kawirikawiri pankapezeka wina amene ankadziwa mwana wotere kwawo yemwe sanapite naye kulikonse.

Mapazi atatembenukira kunja mokwanira, panatsala zidendene zimene zinkakanabe kutsika. Ana ambiri, pafupifupi 8 kapena 9 mwa 10 alionse, amafika pamenepa, chifukwa mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa chidendene ndi wolimba kwambiri moti sungatanuke ndi chikhakha chokha. Adokotala amaudula ndi kampeni kakang'ono kudzera pakabala kosafuna n'kusoka komwe, ataika kaye mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo, ndipo zonse zimatha m'mphindi zowerengeka. Mawu akuti kudula mtsempha anaopsa banja lonse, moti amalume anga anachita kubwera kudzafunsa ngati mwana wodulidwa mtsempha angadzayende. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mwa khanda mtsemphawo umalumikizananso wokha uli wotalikirapo m'kati mwa chikhakha chomaliza, chimene chimakhala masabata atatu osachotsedwa. Pachikhakhacho pamatha kuoneka kadontho ka magazi kumbuyo kwa chidendene; tinauzidwa kuti tikazungulize ndi cholembera, ndipo tikaona kuti kakukula tibwerere msanga. Kwa ife sikanakule. Tsiku lochotsa chikhakha chimenechi ndinaona mapazi owongoka, otupa pang'ono, khungu likusupuka, ndipo kumudzi kunali nthungululu.

Nthungululu zimenezo ndizo zimasocheretsa makolo ambiri, chifukwa aliyense amaona ngati matenda atha. Tsiku lomwelo tinapatsidwa nsapato ziwiri zachikopa zotsegula kuzala, zomangirira pachitsulo chimodzi chotalika mofanana ndi mapewa a mwana, zala zitaloza kunja pafupifupi madigiri 70. Mtundu umenewu umatchedwa Steenbeek, ndipo unapangidwa koyamba ku Uganda ndi cholinga choti uzisokedwa ndi amisiri a kuno ku Africa pamtengo wotsika. Lamulo lake ndi lakuti mwana azivala maola 23 pa tsiku kwa miyezi itatu yoyamba, ola lotsalalo n'la kusamba, kenako usiku wonse ndi nthawi yogona masana mpaka atakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu. Adokotala anatiuza kuti chimene chinakoka phazi poyamba chimakhalabe m'mwendo pamene mwana akukula mofulumira m'zaka zoyambirira, ndipo anayerekeza ndi kamtengo kokhota kamene wakawongola n'kukamangirira kuchikhomo, kuti ukamasula luzi thunthu lisanakhwime kamabwerera komwe kanali. Ana ambiri amene mapazi awo amabwerera ndi amene anasiya nsapato nthawi isanakwane.

Masiku oyamba a nsapatozi anali ovuta kuposa zikhakha zonse kuphatikiza. Mwana anali atazolowera kuponya mwendo uliwonse pawokha, tsopano akaponya umodzi chitsulo chinkakoka unzake, ndipo ankalira mpaka nyumba zoyandikana kumva. Anamwino anali atatichenjezeratu kuti kulira kumeneku n'kwa kukwiya osati kwa ululu, ndiponso kuti mwana akangophunzira kuti akalira amamuvula, ndiye kuti sadzazilolanso. Tinkamugoneka chagada, n'kugwira chitsulo, n'kumapinda ndi kutambasula miyendo yonse iwiri pamodzi mwamasewera mpaka anaphunzira kuiponya nthawi imodzi. Patapita masiku ochepa anasiya kulira, ndipo m'kupita kwa nthawi ankatembenuka ndi kukwawa nazo popanda kudandaula. Kavalidwe kake n'kofunika kwambiri. Chidendene chiyenera kufika pansi penipeni pa nsapato, ndipo pali kabowo koonerapo ngati chafikadi. Zingwe zimangidwe zolimba, masokosi akhale a thonje ndi osakwinyika, ndipo mafuta asapakidwe kumapazi asanavale chifukwa amachititsa phazi kutsetsereka. Chidendene chikamayandama m'nsapato chimakhuzika n'kuchita matuza, ndipo matuza ndiwo amapatsa makolo chifukwa chosiyira. Ukaona malo ofiira amene sakuzimiririka, kapena phazi likamavuka lokha usiku, ndi bwino kupita nazo kukiliniki kuti akazikonze kapena kusintha saizi kusiyana ndi kuziponya pansi pa bedi podikira kuti khungu lipole.

Pali vuto lina limene mayi aliyense wa kuno amakumana nalo, lomwe ndi kubereka. Ana athu amakulira kumsana, miyendo itazungulira m'chiuno mwa mayi, koma chitsulo sichilola zimenezo. Kwa miyezi itatu ija ndinkamunyamula chammbali kapena kutsogolo, ndipo ntchito zofuna manja awiri, monga kutunga madzi ndi kupita kuchigayo, ankandigwirira mng'ono wanga. Ndi panthawi imeneyi pamene ndinazindikira kuti ndikapita kumsika, apongozi anga ankamuvula nsapato n'kumubereka, kenako n'kumuvekanso ndisanafike. Sankachita izi mwankhanza. Ankamvera chisoni mdzukulu wawo, ndipo m'maso mwawo mapazi anali atachira kale. Kukangana nawo sikukanathandiza, ndipo mtengwa sangaime n'kumalangiza apongozi ake. Tinangowapempha kuti atiperekeze kukiliniki, ndipo kumeneko anadzionera okha mtsikana wa zaka zitatu amene anawongoledwa bwinobwino ali khanda, makolo ake n'kusiya nsapato, tsopano atayambiranso zikhakha ali wamkulu, wolemera kunyamula, akulira n'kumatchula mayi ake. Adokotala anawayankhula mwaulemu kuti, “Agogo, inu ndi amene mumakhala naye nthawi yaitali, ndiye mapazi awa ali m'manja mwanu.” Kuyambira tsiku limenelo iwo ndiwo anakhala mlonda wa nsapato, moti madzulo aliwonse ankabwera kudzaona ngati ine ndamanga zingwe bwino. Kwa makolo anzanga ndikuti aliyense amene amatsala ndi mwana, kaya ndi agogo, alamu kapena wantchito, apite nawo kukiliniki ngakhale kamodzi kuti akamve yekha.

Zaka zovala usiku zinali ndi mayesero akenso, ocheperapo koma otalika. Mwana akayamba kuyenda ndi kuyankhula amadziwa kukana, amaphunzira kumasula zingwe, ndipo akafika zaka ziwiri kapena zitatu amakhala ndi mphamvu zolimbana nawe. Chimene chinatithandiza ndi kusalola kuti nsapato zikhale nkhani yokambirana. Ankasamba, kudya, kuvala nsapato n'kugona, tsiku lililonse mofanana, kaya tili kwathu, kumaliro kapena kuukwati. Bambo ake ndiwo ankamuveka nthawi zambiri, ndipo ndimaona kuti izi n'zimene zinatipulumutsa, chifukwa mayi amene watopa tsiku lonse ndipo akulimbana yekha ndi mwana wolira sachedwa kugonja. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala thukuta linkamuvuta moti tinkasintha masokosi pakati pa usiku, ndipo akadwala malungo mtima unkafuna kumupumitsa, koma tinkamuvekabe pokhapokha achipatala akanena zina. Phazi likakula zala zimatulukira kutsogolo kwa nsapato, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yokasintha saizi. Zakalezo tinkazibweza kukiliniki.

Zizindikiro zoti phazi layamba kubwerera kholo liyenera kuzidziwa, chifukwa zimayamba pang'onopang'ono. Mwana amayenda chidendene chisakugunda pansi, amapondera mbali yakunja ya phazi, kutsogolo kwa phazi kumakhotera m'kati pamene akulinyamula, amalephera kunjuta zidendene zili pansi, kapena nsapato ya usiku imene inkalowa bwino imayamba kukana chidendene. Kuyang'ana mmene nsapato zake za masana zikuthera kumathandizanso, popeza zikamadyeka mbali yakunja yokha ndiye kuti sakuponda bwino. Phazi likabwerera chithandizo chilipobe: amaliikanso zikhakha zingapo, nthawi zina amabwereza kudula mtsempha uja, ndipo kwa ana okulirapo amatha kuchita opaleshoni yaing'ono yosuntha mtsempha umodzi kuti uzikokera phazi pakati m'malo mokokera m'kati. Chodandaulitsa n'chakuti makolo ambiri amachita manyazi kubwerera poopa kudzudzulidwa kuti anasiya nsapato, ndiye amachedwa mpaka vuto litakula. Pa makolo amene ndinawaona akubwerera, palibe amene anabwezedwa pakhomo.

Pamene tinkaganiza zokhala ndi mwana wachitatu tinafunsa ngati vutoli lingabwerenso. Tinauzidwa kuti m'banja limene mwabadwa kale mwana wa mapazi opindika chiopsezo chimakwererako, koma ana ambiri otsatira amabadwa bwinobwino, ndipo chofunika ndi kuwauza azamba kuti ayang'ane mapazi mwana akangobadwa. Anamwino anapezerapo mwayi wondilangiza za zilema zina zobadwa nazo zimene zingapewedwe. Anati mapiritsi a folic acid, mamaikulogalamu 400 pa tsiku, ndi oyenera kuyamba mayi asanatenge pakati, chifukwa msana wa mwana umatsekeka m'masiku 28 oyamba, pamene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Mapiritsiwa sateteza mapazi opindika koma amachepetsa kwambiri vuto la msana wosatsekeka, limene nthawi zambiri limabwera ndi madzi m'mutu. Anawonjezera za kuyezetsa chindoko kusikelo pamodzi ndi bambo, kusamala matenda a shuga, kupewa mowa ndi fodya, ndiponso kusamwa mankhwala alionse, a m'golosale kapena achikuda, popanda kufunsa achipatala.

Mapazi a mwana wanga ndi ocheperako poyerekeza ndi msinkhu wake, ndipo akatumba a miyendo yake ndi owonda kuposa a anzake. Izi zimayenda ndi vutoli ndipo sizimulepheretsa kusewera mpira. Kwa amene ali nalo kuphazi limodzi kusiyanaku kumaonekerako, mwina mpaka nsapato kusiyana saizi. Timapitabe naye kukaonetsa kamodzi pa chaka, chifukwa phazi lotere liyenera kuyang'aniridwa pamene mwana akukula. Makolo amene mwana wawo wayamba kale kuyendera m'mbali mwa phazi asaganize kuti nthawi inadutsa, pakuti ana a zaka ziwiri, zisanu ngakhale kupitirira apo amathandizikabe, kungoti zikhakha zimachuluka ndipo ena amafunikadi opaleshoni. Ana otere amatumizidwa kuzipatala zikuluzikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu, kapena ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala cha mafupa a ana chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2002 pafupi ndi Queens. Poyambira pake ndi pachipatala chapafupi kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, kabuku ka mwana kali m'manja, kukapempha kalata yotumizira ndi kufunsa tsiku limene kiliniki ya mapazi imachitika.